Legson Kayira, mlembi wathu amene tikumuiwala

Anzanga, ndani pakati pathu angatchule buku limodzi lokha la Legson Kayira? Ambirife tikanda mutu basi. Chonsecho bambo ameneyu anali wa konkuno kumpoto, Mtumbuka, ndipo m'zaka za m'ma 1960 dzina lake linkamveka mpaka ku America.

Kayira anabadwira ku Nthalire m'boma la Chitipa, m'banja losauka, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1958 ananyamuka wapansi kukafuna maphunziro ku America. Inde, wapansi! Atafika ku Kampala m'dziko la Uganda, anapeza dzina la koleji ya Skagit Valley m'buku lina mu laibulale, n'kulemba kalata yopempha malo. Anamulandira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum ku Sudan, ndipo mu 1960 anakafika ku America pa ndege. Pambuyo pake anakaphunziranso ku Cambridge ku England.

Za ulendowu analemba m'buku la I Will Try la mu 1965, lomwe linagulidwa kwambiri. Koma sanalekere pompo ayi. Analembanso mabuku a nthano m'Chingerezi: The Looming Shadow mu 1967, Jingala mu 1969, The Civil Servant mu 1971 ndi The Detainee mu 1974. Jingala ndi nkhani ya mkulu wina wa kumudzi amene sakufuna kuti mwana wake akhale wansembe. Mikangano yotere ya kholo ndi mwana timaionanso m'midzi mwathu muno. The Detainee imakamba za munthu wamba amene akuvutika pansi pa wolamulira wankhanza.

Nanga anaiwalika bwanji? Mabuku akewo anasindikizidwa kunja, iyeyo n'kukhazikika ku England mpaka anamwalira mu 2012. Komanso nthawi ya Dr Banda zolemba zodzudzula boma sizinkayenda momasuka muno.

Ine chondidetsa nkhawa n'chakuti buku likasowa owerenga limangodyedwa ndi chiswe. Tiyeni tifunse aphunzitsi athu a Chingerezi ngati ali nalo lina mwa mabukuwa. Amene mumapita ku Mzuzu, kafunseni ku National Library. Wolipeza asabise, abwere nalo tidzawerengere limodzi ikatha sukulu, tisanayambe ulendo wa kunyumba.