Musanagule marimu aakulu, werengani manambala a pa tayala

Chaka chatha, pochokera ku msonkhano wa misasa, tinakwera anthu asanu mu Honda Fit ya amalume anga, kumbuyo kutadzaza mphasa, ndowa ndi zikwama. Galimotoyo anali atangoiveka marimu onyezimira a mainchi 17, ndipo aliyense pa msasa ankaiyang'ana kawiri. Koma pa bampu iliyonse tinkamva tayala likukhula bodi. Tisanafike pa tala, rimu imodzi inagunda dzenje n'kupindika, tayala n'kuphwa. Tinafika kunyumba usiku. Wogulitsa anawauza amalume kuti marimuwo akwana, ndipo mabawuti anakwanadi. Zina zonse sanaziyeze.

Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti wopanga galimoto anasankha kale saizi ya tayala. Imalembedwa pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, pamodzi ndi mlingo wa mpweya. Ngakhale galimoto itachokera ku Japan ndipo mawu ake ndi a Chijapani, manambala amawerengeka. Honda Fit yoyamba ija, yomwe inatuluka mu 2001, nthawi zambiri imabwera ndi 175/65 R14.

Nambala yoyamba, 175, ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 65, imasokoneza ambiri chifukwa si mamilimita. Ikunena kuti khoma la tayala, kuchokera pa rimu kufika pomwe likuponda pansi, ndi 65 peresenti ya kufutukuka kuja. Chilembo R chikunena za kayalidwe ka zingwe zam'kati mwa tayala, ndipo 14 ndi kukula kwa rimu m'mainchi.

Ndi masamu a Fomu 1 okha tingapeze msinkhu wa tayala lonse. Tikatenga 65 peresenti ya 175 tipeza mamilimita 114. Khoma lili pamwamba ndi pansi pa rimu, choncho tichulukitse kawiri, 228. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye rimu ya mainchi 14 ndi mamilimita 356. Kuphatikiza zonse tipeza pafupifupi 583. Nambala imeneyi ndiyo yofunika kuisunga. Sipidomita, magiya ndi mpata wa pakati pa tayala ndi bodi, zonsezi anazikonza poyang'ana msinkhu umenewu. Amakaniko ambiri amalangiza kuti tayala latsopano lisasiyane ndi lakale kupyola 3 peresenti.

Choncho rimu ikakula, khoma la tayala liyenera kufupika. Pa Fit ija, rimu ya mainchi 15 imayenda bwino ndi 185/55 R15, yomwe msinkhu wake ndi pafupifupi 585. Ya mainchi 16 ingatenge 195/45 R16, pafupifupi 582. Msinkhu sunasinthe kwenikweni, koma taonani zomwe zachitika ku khoma: lachoka pa mamilimita 114 kufika pa 102, kenaka 88. Matayala a amalume, 205/40 R17, anali ndi khoma la mamilimita 82 okha.

Khomalo ndilo limayamba kumeza dzenje mashoko asanamve kanthu. Pa msewu wosalala, khoma lalifupi limathandiza galimoto kukhota molimba, n'chifukwa chake magalimoto a mpikisano amakhala otero. Pa msewu wa maenje, wa miyala kapena wafumbi, khoma lalifupi limapanikizika mpaka rimu kugunda pansi. Zotsatira zake ndi chotupa pa tayala, rimu yopindika kapena yosweka, ndi okwera omva chilichonse m'msana. Komanso rimu yaikulu ndi tayala lotambalala kawirikawiri zimalemera kuposa zoyamba zija, ndipo mafuta amapita ambiri.

Ena amachita zosiyana ndi zimenezi. Amasiya rimu ya 14 koma n'kugula tayala lalitali kuti galimoto ikwereko, isamakhule pansi popita kumudzi. Tayala la 185/70 R14 lili ndi msinkhu wa pafupifupi 615, kutanthauza kuti galimoto ikwera ndi mamilimita 16 okha, theka la kusiyana kwa misinkhu iwiriyo. Koma kusiyanako kwapyola 5 peresenti. Tayala likazungulira kamodzi limayenda mtunda wotalikirapo, pomwe sipidomita imangowerenga kuzungulira. Liwiro lomwe kale linali 80 tsopano ndi 84, muvi uli pamalo omwewo. Wapolisi wa kamera akakuimitsani mudzatsutsa, koma wolondola adzakhala iyeyo. Galimoto imafookanso pokwera chitunda, ndipo ikanyamula anthu tayala likhoza kukhula.

Rimu nayo ili ndi miyeso yake. Woyamba ndi wa mabowo a mabawuti. Mukaona 4x100, ndiye kuti mabowo ndi anayi, ndipo ali pa mzere wozungulira womwe kukula kwake ndi mamilimita 100. Fit ndi Toyota Vitz zambiri ndi za 4x100, pomwe Toyota Hilux yamphamvu ya mabawuti 6 ndi ya 6x139.7. Kufanana kwa chiwerengero cha mabowo sikokwanira: 5x100 ndi 5x114.3 onse ndi a mabowo asanu koma salowana. Ena amakuza mabowo kuti rimu ilowe mokakamiza. Kumeneko n'kuika moyo pachiswe.

Wachiwiri ndi bowo lapakati. La Vitz ndi mamilimita 54.1, la Fit ndi 56.1. Rimu ya Vitz siingakhale pa Fit ngakhale mabawuti afanane. Bowo likakulitsa pamafunika kamphete kodzaza mpatawo, apo ayi chiwongolero chikhoza kumanjenjemera pa liwiro.

Wachitatu, womwe unawagwetsa amalume, umalembedwa kuseri kwa rimu ndi zilembo ET. Umasonyeza kuti rimu ilowa m'kati kapena ituluka kunja motani. Nambala ikachepa, tayala limatuluka kunja n'kumakhula m'mphepete mwa bodi, ndipo mabering'i amatha msanga. Ikakula kwambiri, tayala limakhula zitsulo zam'kati. Funsaninso za manati, chifukwa ena pansi pake ndi posongoka, ena pozungulira, ena paphwatalala. Nati yosagwirizana ndi bowo la rimu imamasuka yokha galimoto ikuyenda.

Pa tayala pali zinanso ziwiri zoti muone, makamaka ngati mukugula ogwiritsidwapo kale ntchito. Kumapeto kwa saizi kumakhala nambala ndi chilembo, monga 82H. Nambala 82 ikutanthauza kuti tayala limodzi linyamula makilogalamu 475, ndipo H ndi liwiro lofika makilomita 210 pa ola. Musatsike kuchoka pa nambala yomwe wopanga anaika, poti galimoto zathu sizichedwa kudzaza pa Sabata kapena pa maliro. Kenaka funani zilembo DOT. Manambala anayi omalizira amanena nthawi yomwe tayala linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Labala imakalamba ngakhale mizere yake ikuonekabe, ndipo tayala la ming'alu m'mbali lisiyeni, ngakhale mtengo utsike bwanji.

Ku tchalitchi timaphunzira za ukapitawo, ndipo ambiri timangoganiza za chakhumi. Koma amene wanyamula akwaya kapena ana a sukulu wasungitsidwa miyoyo ya anthu. Pokagula, tengani saizi ya pa chitseko, werengani msinkhu pa foni, ndipo uzani wogulitsa amange rimu imodzi kutsogolo, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri musanapereke ndalama. Amalume anabwezeretsa marimu awo a 14. Onyezimira aja, atatu otsalawo, akadali m'chipinda chosungira chimanga.