Udzu Wolimira Moto

Ku England alimi ena amadzala udzu wochedwa Miscanthus, wonga nsenjere, wotalika mamita 3. Chaka ndi chaka amaudula utauma, nauocha m'ng'anjo zazikuru zopangira magetsi.

Manyowa amene anthu ophunzira akuyesa pa udzu wotere, abale, ndiwo matope otsala poyeretsa madzi a zimbudzi za m'mizinda. Amawasanganiza ndi utuchi, nawaunjika kuti aole. Lamulo la ku America la 1993 liti mulu wouziridwa mpweya utenthe madigiri 55 masiku 3, kuti tizirombo ta nthenda tife. Koma mtovu ndi cadmium zimene zili m'matopemo sizifa ndi kutentha ai. Zikalowa m'ndiwo, zifika m'mimba mwa mwana. Ndicho chifukwa asankha udzu umene munthu sadya. Ngakhale pamenepo nthaka iyenera kupimidwa, pakuti zitsulozo zikhalamo zaka zambiri.