Ndege ya mphumu yachira

Ndege ya madala ena anzanga inkadwala mphumu. Anaimanga okha m'galaja kwa zaka 6, ku Wisconsin, dera la ku America komwe munthu womanga ndege pakhomo samuyesa wamisala. Chaka chilichonse mu Julayi anthu otere amadzaza bwalo la ndege la Oshkosh pamsonkhano wa EAA, bungwe lomwe Paul Poberezny anayambitsa mu 1953. Mapiko a ndege ya madalawo anali see, penti waliwali, injini ya Lycoming O-320 itakhala kutsogolo mwaufumu. Koma akangoti aiwonjezere moto, pomwepo inkabanika, n'kumatsokomola, utsi uli bii.

Tinasintha mapulagi. Tinamasula kabureta kawiri konse. Madala anafika poda mafuta, nyengo, ngakhale ine wogwira sipanala.

Ndiye kunabwera mlangizi wina, mmodzi mwa akatswiri odzipereka a bungwe lija amene amayendera anthu omanga ndege. Sanalankhule zambiri. Anati tichotse chivundikiro cha injini, timange mchira ndi chingwe, tiike zotsekera kumatayala, ife tiime chakumbuyo kutali ndi pulopela. Madala analiza injini, n'kukankha moto. Tikuona ndi maso athu, paipi yobweretsa mpweya kuchokera kusefa inangoti phwaa, kufota ngati chubu chobooka! Atachepetsa moto, inafufumanso bwinobwino, kukhala ngati sinalakwe kanthu. Ndiye chifukwa chake milungu yonse ija tinkaidumpha.

“Bambo, paipi iyi munaigula kuti?”

Madala anakanda m'mutu. Inali ya makina oumitsira zovala, yogula m'sitolo ya zipangizo za m'nyumba. Ankati mpweya ndi mpweya basi.

Ayi ndithu. Injini imeneyi ndi ya malita 5.2, ndipo ikamazungulira ka 2,700 pa mphindi imameza mpweya pafupifupi malita 7,000. Yesani kumwa phala ndi kapaipi kofewa muone mmene kamatsekekera. Mpweya ukachepa mafuta amachuluka, n'chifukwa chake utsi wakuda uja. Pansi tinaseka mpaka misozi. Zikanachitika ponyamuka, mitengo ili patsogolo, sipakanakhala woseka.

Mlangizi anatiyalira mitundu inayi patebulo. CAT ndi CEET n'zakuda, za neoprene, sizilimba kwambiri kumoto. SCAT ndi SCEET n'zofiira, za silikoni, zimapirira pafupi ndi injini yotentha. Koma nkhani yagona mkati. SCAT ili ndi nsalu imodzi yokha, waya wozungulira uja ali pamtunda mkatimo. Akachita dzimbiri n'kusomphoka, paipi imatha kufota, kapena kachidutswa n'kulowa mukabureta. Pa SCEET wayayo amubisa pakati pa nsalu ziwiri, mkati muli posalala. Ine ndinali nditatambasula kale dzanja kutenga SCAT, poti ndiyo imapindika mosavuta ndipo ndi yotsikirako mtengo. Anangondiyang'ana, ndinabweza dzanja.

Tinatenga SCEET-12. Nambalayo imawerenga makota a inchi, ndiye 12 ndi mainchesi 3. Tinadula yaifupi, yosakhota kwambiri, n'kuipatula ndi paipi ya utsi, zomangira zachitsulo uku ndi uku gwa.

Loweruka lotsatira madala anakweramo, n'kufuula kuti aliyense atalikire pulopela. Anakankha moto pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Abale inu! Injini inabangula mawu amodzi osadukiza, chingwe cha kumchira chili nga, udzu wakumbuyo utagona pansi, chipewa changa chikuuluka cha kumpanda. Utsi? Olo pang'ono. Paipi yofiira ija inali njo, osagwedera n'komwe. Madala anatsika akuvina, munthu wa mawondo odandaula tsiku lililonse, n'kupsompsona ndege pamphuno.

Paipi yakale ankafuna kuipachika pakhoma kuti aziseka nayo alendo. Sizinatheke. Mayi a kunyumba anaitenga madzulo omwewo, akuti ya pamakina awo inali itang'ambika kalekale.