NDALAMA ZA MAPHUNZIRO APAMWAMBA: MAKOLO ADZIWE KHOMO LOGOGODA

Mwana akasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Zambia kapena ku Evelyn Hone College mu Lusaka, mudzi wonse umakondwera. Koma kumunda khasu limodzi limacepa, ndipo wophunzira wokhala m'kalasi tsiku lonse alibe mpata wogwira nchito ya malipiro. Popeza malo ogona pasukulu sakwanira, ambiri amafikira kwa amalume kapena azakhali ku Kamwala ndi ku Kabwata, kumene thumba la ufa limayamba kutha mwezi usanathe.

Thandizo la Boma lilipo, koma makomo ake ndi awiri. Ophunzira a m'mayunivesite a Boma amapempha ku bungwe la HELSB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa Bursaries Committee. Ndalama zimenezi si mphatso ai, ndi ngongole: mu 2018 Boma linayamba kulipiritsa amene analandira kucokera mu 2004. Ndalama za cakudya, zimene zinaimitsidwa mu 2019, zinabwezedwanso mu 2023.

Ophunzira nchito za luso, monga ukalipentala ndi utelala, khomo lao ndi thumba la CDF. Kuyambira mu 2022 amapempha kudzera m'komiti ya citukuko ya wadi imene amakhala.

Tsono makolo, mwana asanakwere basi, funsani ku ofesi ya khonsolo za nthawi yolembera mapepala. Kambiranani ndi abale a ku Kamwala za ufa ndi nyemba zimene mudzatumiza mukakolola, kuti mlendo wa zaka zinai asasanduke mtolo pakhomo pa eni.