Msonkho wa nyumba ndi odwala maganizo: Zimene anaona anthu a ku Iowa

MWINI nyumba aliyense m'tauni adziwa kalata yocokera kukhonsolo yoitanitsa msonkho wa nyumba. Tikalipira timayembekezera kuti zinyalala zicotsedwe, misewu ikonzedwe ndiponso ngalande zitsekulidwe mvula isanagwe. Koma ku Iowa, cigawo cimodzi ca dziko la America, msonkho womwewu unali ndi nchito inanso kwa zaka zoposa 100. Unali kulipirira cisamaliro ca anthu odwala matenda a maganizo ndi ca anthu obadwa ndi nzeru zocedwa kukula.

Iowa ndi dera la alimi, ndipo limakolola cimanga cambiri kuposa cigawo cina ciriconse ku America. Lagawidwa m'maboma ang'ono-ang'ono 99 ochedwa makaunti. Boma la cigawo linamanga zipatala zazikulu za odwala maganizo, coyamba ku Mount Pleasant m'caka ca 1861, koma kaunti iriyonse inali kulipirira anthu ake ogonekedwa kumeneko. Ndalamazo zinali kucokera pa msonkho wa nyumba, masitolo ndi minda ya m'kauntimo.

Poyamba munthu anganene kuti nzeru imeneyi inali yabwino, pakuti anthu anali kusamalira odwala awo ndi ndalama zawo, ndipo ogamula za ndalamazo anali pafupi. Bvuto linali lakuti makaunti sanali olemera mofanana. Thandizo limene wodwala analandira linadalira kaunti imene dzina lake linalembedwa. Kwina kunali alangizi, nyumba zosungiramo olemala ndi malo ophunzitsirako nchito zamanja. Kwina wodwala matenda omwewo anali kuuzidwa kuti adikire pamzere.

Panalinso lamulo lakale lonena za kaunti yoyenera kulipira. Munthu akasamuka, kaunti yatsopano inali kumuwerengera ngati wake pokha-pokha atakhalamo caka cathunthu osalandira thandizo la matenda otere. Tsono taganizani za mnyamata amene wacoka kumudzi kupita kumzinda wa Des Moines, ndipo wadwala patangopita miyezi isanu. Ngongole yake inali kubwerera kukaunti ya makolo ake, ngakhale atakhala mumzindamo zaka zambiri. Makaunti anali kukangana pa za mwini ngongole, wodwala ali cidikirire.

Ndalama zofunika zinali kukwera caka ndi caka, ndipo eni nyumba ndi alimi anadandaula kwambiri. M'caka ca 1995 aphungu a ku Iowa anaika malire pa ndalama zimene kaunti ingasonkhetse pa nchito imeneyi, ndipo boma la cigawo linayamba kuthirapo zake. Olipira msonkho anapumako, koma panabuka bvuto lina. Malirewo anangokhala pomwepo pamene anthu m'makaunti a m'matauni anali kuculuka. Odwala anaonjezeka, thumba silinakule.

M'caka ca 2012 lamulo linasinthidwanso. Kuyambira pa 1 July, 2013, kaunti yolipira inakhala imene munthu akukhalamo, ndipo m'caka ca 2014 makaunti anasonkhanitsidwa m'magulu kuti aziika ndalama pamodzi ndi kupereka thandizo lofanana. Muyeso unaikidwa pa madola 47.28 pa munthu aliyense wokhala m'kaunti pa caka. M'caka ca 2015 zipatala ziwiri mwa zinai zazikulu, ca ku Mount Pleasant ndi ca ku Clarinda, zinatsekedwa, motero katundu wa thandizo la pafupi ndi kunyumba analemera koposa kale.

Mapeto ake anafika m'mwezi wa June, 2021, pamene Bwanamkubwa Kim Reynolds anasaina lamulo locotsa msonkhowo pang'ono-pang'ono. Pofika pa 1 July, 2022, makaunti analeka kusonkhetsa ndalama za odwala maganizo pa nyumba ndi minda, ndipo boma la cigawo linasenza katundu yense. Lamulo lina la m'caka ca 2024 linathetsa magulu aja ndi kugawa Iowa m'madera asanu ndi awiri oyang'anira matenda a maganizo pamodzi ndi bvuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kuyambira mu July, 2025.

Si onse anakondwera. Ena anacenjeza kuti msonkho wa nyumba umabwera caka ciriconse mosalephera, pamene ndalama za boma zimadalira aphungu, amene angathe kuzicepetsa cuma cikabvuta. Ndipo si zigawo zonse zinatsata Iowa. Ku Ohio anthu a m'kaunti amaponyabe voti kubvomereza kapena kukana msonkho wa nyumba wothandizira odwala maganizo ndi olemala. Akakana, thandizo limacepa.

Nanga ife nkhaniyi itikhudza bwanji? Kuno ku Zambia msonkho wa nyumba umapita kukhonsolo, pamene cisamaliro ca odwala maganizo ciri m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Lamulo la m'caka ca 2019 linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1949, ndipo limateteza ufulu ndi ulemu wa odwala otere. Komabe cipatala cacikulu ca matenda amenewa ndi ca Chainama ku Lusaka, ndipo banja lokhala kutali limaononga ndalama zambiri za ulendo. Nafenso tiona kuti kumene munthu akhala kumasiyanitsa thandizo limene apeza.

Lero makhonsolo akupatsidwa mphamvu ndi ndalama zambiri zacitukuko kuposa kale. Nkwabwino, koma za ku Iowa zitiphunzitsa kufunsa mafunso awiri pamene khansala aitanitsa msonkhano m'komboni: kodi odwala maganizo ndi ana olemala awerengeredwa pati, ndipo dera losauka lidzathandizidwa ndi yani?

Pakadali pano, ngati m'nyumba mwanu muli wina amene waleka kugona, akulankhula yekha, kapena mwana amene wacedwa kwambiri kukhala tsonga, kuyenda ndi kulankhula, musam'tsekere m'cipinda kapena kum'manga. Pitani naye kukiliniki ya pafupi, anamwino akamuone ndi kumutumiza koyenera. Matenda a maganizo ali ndi mankhwala, ndipo mwana wothandizidwa msanga amaphunzira zambiri.