MAYESO A GIREDI 12 ATURUKA: KODI MWANA ALOWERE KUTI?

Mwezi wa January ndiwo mwezi wa nchito yambiri m'minda ya ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi. Cimanga ciri m'maondo, udzu ulikumera usana ndi usiku, ndipo m'nkhokwe zambiri cakudya cayamba kucepa. Kawirikawiri ndi pa nyengo yomweyi pamene Nduna ya Maphunziro imalengeza ku Lusaka zoturuka za mayeso a Giredi 12, amene ana analemba cakumapeto kwa caka catha. Masiku ano mwana sadikira kuti makalata afike pa sukulu; angotumiza nambala yace ya mayeso pa foni, ndipo yankho limpeza ali ndi khasu m'manja. Pamenepo makolo ambiri afunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Wakhoza kapena walephera?" Funsoli ndi loperewera, pakuti pepala la mayeso linena zambiri koposa apo, ndipo banja losadziwa kuliwerenga likhoza kutaya caka cathunthu.

Mayeso amenewa ali m'manja mwa bungwe la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983. Pa phunziro liri lonse mwana apatsidwa nambala, kuyambira 1 kufikira 9, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Nambala 1 ndi 2 zichedwa distinction, 3 ndi 4 merit, 5 ndi 6 credit. Wopeza 7 kapena 8 wangopulumuka cabe, koma wopeza 9 walephera phunzirolo. Kuti alandire School Certificate, mwana ayenera kukhoza maphunziro 6, limodzi la iwo likhale Cingerezi, ndi kupeza credit pa phunziro limodzi. Kapena akhoze maphunziro 5, Cingerezi ciri pomwepo, ndi kupeza credit pa awiri.

Apa ndipo pagona nkhani. Setifiketi payokha sitsegula khomo la yunivesite, kapena la sukulu ya anamwino ndi ya aphunzitsi. Masukulu otere afuna maphunziro 5 okhala ndi nambala 6 kapena yocepera apo, ndipo Cingerezi cisasowepo. Mwacitsanzo, mtsikana wa ku Vubwi angapeze 4 pa Cingerezi, 5 pa Biology, 6 pa Cinyanja, 6 pa Civic Education, 7 pa Science ndi 8 pa Masamu. Setifiketi waipeza ndithu, ndipo pa mudzi padzamveka nthungululu. Koma akapita kukafunsa malo a unamwino adzambweza, cifukwa maphunziro ace okwanira ali 4 okha, ndiponso unamwino ufuna Masamu. Cimene camsowa mtsikanayu ndi phunziro limodzi basi.

Wotere asataye mtima, pakuti bungwe lomwelo limalembetsa mayeso ena ochedwa GCE cakumkati kwa caka. M'mayeso amenewa munthu abwereza phunziro lokhalo limene linamgwetsa, osabwerera m'kalasi caka conse iai, ndipo makoleji ambiri alola kuphatikiza zoturuka zakale ndi zatsopano. Koma mayesowa ngolipira, ndipo kulembetsa maina kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike. Banja limene liti, "Tiyambe takolola ndi kugulitsa nshawa, za sukulu tidzaona pambuyo," lidzapeza kuti nthawi yapita kale. Cifukwa cace nkofunika kuti mlungu womwewo mwana atenge pepala lace napite kwa mphunzitsi wa uphungu pa sukulu imene anaphunzira, kukafunsa za masiku ndi za malipiro. Akuru anati safunsa anadya phula.

Nanga amene wakhoza bwino maphunziro 5 kapena 6? Iye angathe kupempha malo ku University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ku Copperbelt University ya ku Kitwe, kapena ku Mulungushi University ya ku Kabwe. Kumeneko opempha acuruka koposa malo, kotero posankha amaonkhetsa manambala a maphunziro amene mwana anakhoza koposa, ndipo wocepa manambala ndiye atsogola. Wosowa ndalama angapemphe cithandizo ku bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016. Makolo adziwe kuti ndalama zimenezi ndi ngongole, yoyenera kubwezedwa pamene wophunzirayo watsiriza maphunziro ace.

Si onse okhoza amene ayenera kukwera basi ya ku Lusaka. Pafupi ndi Katete, m'mbali mwa mseu waukuru wa Great East, pali cipatala ca St Francis, cimene cinayambika mu 1948, ndipo pamenepo pali sukulu ya anamwino ndi azamba. Ku Katete komweko kuli koleji yophunzitsa kagulitsidwe ka zokolola, ndipo ku Chipata kuli koleji ya aphunzitsi. Wophunzira pafupi ndi kwao sataya ndalama zambiri pa ulendo, ndipo thumba la ufa wa kumudzi limfika msanga.

Kulinso njira ya nchito za manja, imene anthu ena aipeputsa molakwa. Masukulu oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, monga Chipata Trades Training Institute, aphunzitsa umisiri wa matabwa, kumanga nyumba, zamagetsi, kukonza magalimoto ndi kusoka. Ena a maphunzirowa safuna manambala okhwima ngati a ku yunivesite. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, Sinda atapatulidwa ku Petauke ndi Katete, Vubwi ku Chadiza. Ndipo pamene pamangidwa maofesi, masukulu ndi zipatala, pafunika omanga, opala matabwa ndi oika magetsi. Nkwabwino kuti nchito zotere zigwiridwe ndi ana a komweko.

Za ndalama ziri cotere. Kuyambira mu 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu m'masukulu ace kufikira Giredi 12, koma ku koleji munthu alipira ndithu. M'caka comweco thumba la citukuko la Constituency Development Fund linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo gawo lina linapatulidwa kuti lilipirire acinyamata ophunzira nchito za manja. Wofuna cithandizoci ayambira ku komiti ya citukuko ya m'wodi mwace. Kwa mwana wa ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, amene ali kutali ndi makoleji onse, thumba limeneli lingakhale ndilo lomfikitsa ku Chipata.

Pamene Zambia analandira ufulu mu 1964, omaliza ku yunivesite m'dziko lonse anali pafupifupi 100 okha. Masiku amenewo mnyamata wotsiriza maphunziro pa sukulu yonga Chassa, ya Abale a Marist ku Sinda, sanali kusowa nchito. Lero omaliza acuruka, ndipo setifiketi yakhala ciyambi cabe ca ulendo. Ngakhale kaphunzitsidwe kalikusinthika: mu 2025 Boma linayambitsa dongosolo latsopano la Fomu 1 kufikira Fomu 6, limene lidzalowa m'malo mwa magiredi a ku sekondale pang'ono pang'ono.

Coopsa cacikuru pa zonsezi ndi miyezi yongokhala. Mnyamata wosowa cocita ayamba kuswera pa malo omwera mowa, ndipo mtsikana afulumizidwa kulowa m'banja asanaganize za mtsogolo mwace. Cotero udindo uli pa atate, amai ndi atsibweni, kuti akhale pansi pamodzi ndi mwanayo, awerenge manambala limodzi limodzi, nasankhe njira yoyenera iye: ya ku koleji, ya nchito za manja, kapena ya kubwereza phunziro limene linavuta. Akatero cimanga cisanace, caka cimeneco sicidzapita pacabe.