Chakudya cha Tiana ta Nsomba Chili m'Matope a Chithaphwi

Mwezi wa Okutobala ukafika, chithaphwi cha kumunsi kwa dimba lathu chimauma gwa. Nthaka yake imang'aluka, mbuzi zimadutsapo osaima, ndipo munthu angalumbire kuti pamenepo palibenso chamoyo. Ifenso tinali kuganiza chomwecho kwa zaka zambiri. Koma m'matope oumawo mumagona mazira osawerengeka, aang'ono ngati mchenga wosefa, amene amadikira mvula basi. M'nkhani ino tifuna kukufotokozerani, inu amene muli pa maphunziro ndi inu amene munabwerera kale kumidzi, za tinyama totuluka m'mazira amenewa, ndi phindu lake kwa mlimi wa nsomba.

Njala ya sabata yoyamba

Amene anayesapo kuswetsa mazira a mlamba akudziwa kuti kuswetsako si kumene kumavuta. Vuto limayamba pambuyo pake. Kamlamba kamabadwa ndi kathumba ka chakudya pamimba, ndipo kamakhalira kathumbako masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono. Kathumba kakatha, kamlamba kayenera kudya. Pakamwa pake ndi papang'ono zedi, ndipo m'mimba mwake simunakhwime moti n'kugaya bwino gaga, ufa wa soya kapena chakudya chouma cha m'matumba. Chimene kamafuna ndi chakudya chamoyo, chimene chikuyenda m'madzi, chokwanira pakamwa pake.

Chakudya chotere chikasowa, zinthu ziwiri zimachitika. Tiana tambiri timafooka ndi kufera pansi pa thanki. Totsalato timayamba kudyana, pakuti mlamba wokulirapo sasiya mng'ono wake akamva njala. Mlimi amene anayamba ndi tiana todzaza beseni amatsala ndi towerengeka m'manja, ndipo ndalama za mankhwala oikiritsa mazira, nsomba zazikulu zimene anapha kapena kusunga, ndi tulo timene anataya, zonse zimapita pachabe.

Malo akuluakulu oswetsera nsomba amathetsa njala imeneyi ndi Artemia. Amenewa ndi mazira ouma a tinyama ta m'madzi a mchere, ogulitsidwa m'zitini, ndipo ambiri amachokera ku Great Salt Lake, nyanja ya mchere ya m'chigawo cha Utah ku America. Kuwaswetsa n'kosavuta: magalamu 25 mpaka 30 a mchere pa lita imodzi ya madzi, kutentha kwa madigiri pafupifupi 28, kuwala, ndi mpweya wopopera, ndipo pakatha tsiku limodzi tiana tatuluka. Koma chitini chimenechi chimaolotsedwa nyanja, mtengo wake umatsata dola, ndipo sichipezeka pa sitolo ya pa boma. Kuonjezera apo, tiana ta Artemia tikaikidwa m'madzi opanda mchere timangokhala maola ochepa n'kufa, ndipo totsala osadyedwa timaola ndi kuononga madzi a nsomba.

Mbale wake wa Artemia ali kwathu konkuno

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Artemia ali ndi abale ake a m'madzi opanda mchere, ndipo ena a iwo amakhala m'zithaphwi za kuno kum'mwera kwa Africa. Pa Chingerezi amatitchula fairy shrimp, ndipo mtundu wofala kwambiri kuno akatswiri amautcha Streptocephalus. Ndi tinyama ta fuko limodzi ndi nkhanu, koma tilibe chigoba cholimba. Thupi lake ndi lofewa, loonekera mkati, lalitali masentimita awiri kapena atatu tikakula. Tili ndi miyendo 22, khumi ndi umodzi mbali iliyonse, yooneka ngati timasamba, ndipo timasambira chagada, miyendo ikugwedezeka motsatizana. Miyendo yomweyo ndiyo timapumira, ndiponso ndiyo timasefera ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya. Ambiri a ife tinationapo tili ana posewera m'zithaphwi mvula itangoyamba, koma tinkangoyesa kuti ndi tiana ta nsomba.

Moyo wa tinyamati ndi wothamanga chifukwa chithaphwi sichikhalitsa. Mvula ikadzaza chithaphwi, mazira amaswa pa tsiku limodzi kapena awiri. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu tinyama takhwima. Kakakazi kamanyamula mazira m'kathumba kapansi pa mimba, kenaka n'kuwataya, ndipo amamira m'matope. Madzi akauma makolo amafa, koma mazirawo, okutidwa ndi khungu lolimba, amapirira dzuwa ndi chilala kwa zaka. Ndipo pali chinthu china chimene mlimi aliyense angachimvetse: mazirawo saswa onse pa mvula yoyamba. Ena amatsala kudikira yachiwiri kapena yachitatu. Mvula yoyamba ikanamiza, chithaphwi n'kuuma tinyama tisanaikire, mtundu sutha. N'chimodzimodzi ndi mlimi wanzeru amene sataya mbewu yake yonse pa chizimalupsa.

Tinyamati sitipezeka m'mitsinje kapena m'maiwe muli nsomba, pakuti tilibe chodzitetezera ndipo nsomba zimatimaliza msanga. Kufooka komweko ndiko kukutipatsa ife mwayi.

Zimene anachita a ku Thailand

Nzeru yoweta tinyamati si yathu. Ku Thailand, akatswiri a pa Khon Kaen University, motsogozedwa ndi Pulofesa La-orsri Sanoamuang, anafotokoza mtundu watsopano m'chaka cha 2000 ndi kuutcha Streptocephalus sirindhornae polemekeza mwana wamkazi wa mfumu ya dzikolo pa nthawiyo, Sirindhorn. M'chaka cha 2002 anafotokozanso wina wokulirapo, Branchinella thailandensis. Kuchokera pamenepo alimi a kumeneko anayamba kuweta tinyamati m'mathanki ndi m'maiwe, n'kumagulitsa tamoyo, toumitsidwa mufiriji, ndi mazira ouma kwa anthu oweta nsomba zokongoletsa m'magalasi. Oweta nsomba zoterezi amatikonda chifukwa m'thupi mwake muli zinthu zofiiritsa zimene zimawalitsa maonekedwe a nsomba.

Malonda a nsomba za m'galasi si achilendo ku Zambia. Nsomba zokongola za m'nyanja ya Tanganyika zakhala zikutumizidwa ku maiko a kunja kuchokera ku Mpulungu, ndipo m'mahotela ndi m'maofesi a ku Lusaka mumaoneka magalasi a nsomba. Koma kwa ife, phindu loyandikira lili pa beseni la tiana ta mlamba.

Mmene timaswetsera

Ntchito imayamba m'nyengo ya dzinja. Yendani m'madambo ndi m'mphepete mwa misewu ya kumudzi patatha sabata imodzi kapena ziwiri chigwere mvula yamphamvu. Funani chithaphwi chimene sichilumikizana ndi mtsinje, chimene chimauma chaka chilichonse. Gwadani ndi kuyang'ana m'madzi mwachifatse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona tinyama tosambira chagada, zikani chikhomo pamalopo, ndipo mudziwitse mwini malo kapena amfumu kuti mudzabweranso.

M'chilimwe, matope atauma, bwererani ndi khasu laling'ono. Palani dothi la pamwamba lokha, losapitirira masentimita awiri kuya kwake, makamaka pakati pamene madzi anathera kuuma. Musatenge lonse, ndowa imodzi ndi yokwanira kuyambira. Lisungeni m'thumba la pepala kapena la nsalu, pamthunzi pouma. Thumba la pulasitiki limasunga chinyezi ndipo mazira amachita nkhungu.

Nthawi yoswetsa ikafika, thirani dothi lodzaza manja awiri m'beseni lalikulu loyera ndi kuthiramo madzi a mvula. Apa mpamene ife tinaphunthwa koyamba. Tinathira madzi a pa mjigo wathu, tinadikira masiku anayi, ndipo sitinaone kanthu. Madzi a pansi pa nthaka nthawi zambiri amakhala ndi laimu ndi mchere wa m'miyala, pamene mazirawa amadzuka akamva madzi ofewa onga a mvula yatsopano. Titayanikanso dothi lomwelo ndi kuthira madzi otunga pa denga, m'mawa wa tsiku lachiwiri beseni linali ndi timadontho tambirimbiri tikunjanja. Mchere musathire ngakhale pang'ono. Lamulo la Artemia siligwira ntchito pano. Madzi a pampopi a m'tauni, okhala ndi klorini, ayambe agona masiku awiri m'ndowa yosavundikira.

Ikani beseni pamalo owala koma osati pa dzuwa la masana, limene lingatenthetse madzi osaya. Usiku unikirani ndi tochi pakona imodzi. Tiana timathamangira kuwala ndi kusonkhana pamenepo, ndipo mukhoza kutikoka ndi kapayipi kakang'ono kupita m'kansalu kolukana kwambiri. Tsukani m'madzi oyera, kenaka perekani kwa timilamba pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Tiana tosadyedwa sitifa msanga monga ta Artemia. Timapitiriza kusambira m'thankimo kufikira nsomba itatipeza.

Kulera ndi kusunga mbewu

Musadyetse nsomba tiana tonse. Patulani tina m'beseni lapadera kuti tikule ndi kuikira mazira. Chakudya chake chabwino ndi madzi obiriwira, amene mungapange pothira manyowa ouma a nkhuku ochepa m'mgolo wa madzi ndi kuusiya padzuwa masiku angapo. Sefani madziwo musanathire. Yisiti wa buledi nayenso amathandiza, koma ndi woopsa m'manja mwa munthu wowolowa manja. Ulendo wina tinathira yisiti wochuluka madzulo, poganiza kuti tikuchita chifundo. Kutacha madzi anali kununkha ndipo beseni lonse linali litafa, chifukwa chakudya chotsala chikamaola chimamaliza mpweya wa m'madzi. Lamulo limene tikutsata tsopano ndi ili: sungunulani kayisiti kongotapa kunsonga ya mpeni, thirani kufikira madzi atachita chifunga pang'ono, ndipo musathirenso kufikira atayera.

Tinyama tikayamba kuikira, kokani zinyalala za pansi pa beseni masiku angapo alionse, pakuti mazira ali m'menemo. Ziyanikeni pamthunzi kwa sabata zingapo mpaka ziume kotheratu. Iyi ndiyo mbewu yanu. Dothi limene munaswetsa kale musalitaye. Liyanikeni ndi kulinyowetsanso, ndipo lidzakupatsani tiana tina. Tinyama tatikulu timene tatsiriza kuikira ndi chakudya chabwino cha nsomba zokulirapo ndi za makolo oikira mazira.

Walira mvula walira matope

Sitifuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti wapeza chuma chaulere. Dothi la m'chithaphwi limabwera ndi alendo osaitanidwa. Ena ndi othandiza, monga tizilombo tating'ono todumphadumpha timene nsomba zimadyanso. Koma pali kena kokhala ndi chigoba chonga chishango pamsana ndi mchira wa mphanda, kotchedwa Triops, kamene kamakula msanga ndi kudya anzake. Mukakaona kachotseni. Ichi n'chifukwa chake mbewu yokolola nokha m'beseni imaposa dothi la kutchire: mbadwo uliwonse umakhala woyera kuposa wapitawo.

Chachiwiri, beseni la madzi oima ndi nyumba ya udzudzu. Livundikireni ndi neti nthawi zonse. Palibe phindu kulera nsomba uku mukulera malungo pakhomo. Netiyo imatchinganso atombolombo, amene ana awo amadya tinyamati ngakhale tiana ta nsomba.

Chachitatu, kuswa kwa mazirawa sikungawerengeredwe mofanana ndi kwa m'chitini. Tsiku lina mupeza tambiri, tsiku lina tochepa. Choncho yambitsani mabeseni awiri kapena atatu motsatizana masiku mlamba usanaikire, ndipo khalani ndi dziwe laling'ono lothiridwa manyowa lokhala ndi tizilombo tina ta m'madzi. Pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri yambani kusakaniza chakudya chouma chosinja bwino, kuti timilamba tizolowere. Amene akufuna kuswetsa nsomba zogulitsa aonane ndi alangizi a dipatimenti ya nsomba m'boma lake, ndipo adziwe kuti ku Mwekera, pafupi ndi Kitwe, kuli malo a boma ofufuza za ulimi wa nsomba. M'malo osungira nyama zakutchire, monga South Luangwa, musakumbemo kanthu.

Chithaphwi ndi nkhokwe

Kuyambira pamene tinadziwa zimenezi, timayang'ana chithaphwi chathu ndi maso ena. Kale ophunzira ankatsukiramo mapampu opoperera mankhwala a thonje ndi a ndiwo zamasamba. Tinaletsa, popeza mankhwala opha tizilombo ta m'munda amaphanso tinyama ta fuko la nkhanu ngakhale atakhala ochepa. Oumba njerwa nawonso akakumba pansi pa chithaphwi amaotcha mu uvuni mazira amene anaunjikana kwa zaka zambiri. Ndipo amene angaponyemo nsomba, kapena kukumba ngalande yolumikiza chithaphwi ndi mtsinje, wathetsa mtunduwo pamalopo.

Pempho lathu kwa inu nonse ndi ili. Dzinja likubwerali, pezani chithaphwi chimodzi kwanuko ndi kuchiyendera sabata iliyonse. Lembani m'kope tsiku limene chadzaza, tsiku limene mwaona tinyama koyamba, ndi tsiku limene chauma. Chilimwe chikafika, palani dothi pang'ono, liikeni m'thumba la pepala, lembanipo dzina la mudzi, ndipo mubwere nalo pa msonkhano wa ophunzira akale. Tidzaika mabeseni pa khonde la kalasi, lililonse ndi dzina la mudzi wake, tidzathira madzi a mvula amene tikusunga m'migolo, ndipo m'mawa mwake tidzaona pamodzi dothi la kwa yani ladzuka.